Chinamwali cha Sarafina: Chifukwa Chake Kanemayu Sakalamba ku Luangwa

M'nkhani ino tifuna kufufuza chimene chimachititsa kuti kanema wa Sarafina! wa 1992, amene Darrell Roodt adakonza kuchokera m'sewero la Mbongeni Ngema la 1987, azikomabe kwa achinyamata a m'boma la Luangwa, lomwe kale linkatchedwa Feira. Ambiri amati chinsinsi chake chili m'nyimbo ndi magule. Ife tikuti zimenezo n'zokometsera chabe. Mutu weniweni wa nkhaniyi ndi chinamwali.

Tikaonetsetsa, Sarafina, yemwe mbali yake adasewera Leleti Khumalo, akupyola magawo atatu odziwika bwino m'midzi yathu. Poyamba ali ndi namkungwi wake, mphunzitsi Mary Masombuka, amene akumuululira mbiri yosalembedwa m'mabuku a boma. Kenaka akulowa m'tsimba, ndiyo ndende, m'mene thupi likuzunzidwa ndipo chibwana chikutha. Potsiriza akutuluka napita kwa amai ake, antchito a m'nyumba ya azungu, amene kale ankawayesa amantha, nazindikira kuti kupirira kwao ndi nkhondonso. Apa m'pamene mwana wakula. Kusiyana n'kwakuti pachinamwali chathu namkungwi amaperekeza namwali kufikira tsiku lotuluka, pamene Masombuka akufera m'ndende, ndipo mtsikana akutsiriza mwambo yekha. Chisoni cha kanemayu chagona pamenepo.

Kwa anthu a ku Luangwa nkhani yotere si yachilendo. M'mwezi wa Malichi 1978 asilikali a Rhodesia adathira nkhondo mudzi wa Kavalamanja m'boma lomweli. Choncho mdzukulu akamaonera ana akuthawa zipolopolo, pambali pake pakhala agogo amene adazithawadi.

Palinso nkhani ya chinenero, imene ikutikhudza ife aphunzitsi. Ana a ku Soweto adaukira pa 16 Juni 1976 pokana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans, komabe kanema wowakumbukira akulankhula makamaka Chingerezi. Tikuona kuti ichi n'chilema chake, koma n'chilema chophunzitsa. Mwana wa ku Feira amayamwira Chikunda kapena Chinsenga, nakakumana ndi Chinyanja ndi Chingerezi kusukulu. Funso lakuti nzeru zimabwera m'chinenero cha yani ndi lakenso.

Motero tikupempha aphunzitsi kuti, ophunzira akaonera kanemayu, ayambe afotokoza nkhaniyo m'chinenero chakwao, ndi kuiyerekeza ndi miyambo ya kukula imene akuidziwa, asanalembe kanthu m'Chingerezi.