Ngozi ya ku Chikangawa ndi Mawerengedwe a Ana a Sukulu

Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali inanyamuka ku Lilongwe kunka ku Mzuzu. M'menemo munali Waciwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko, a Saulos Chilima, amene analinkupita ku maliro a Ralph Kasambara. Ndegeyo sinafike. M'mawa mwace inapezeka itagwa m'nkhalango ya Chikangawa, popanda wopulumuka.

Anyamata ndi asungwana a kwa Kaluluma, kumene mseu wa ku Chikangawa umapyola pa Nkhamenya, anamva mbiriyi pa wailesi ndi pa lamya za m'manja. Nyuzi zoyamba zinati m'ndegemo munali anthu 10. Pambuyo pace kunadziwika kuti anali 9. Colakwaci ncacing'ono ndithu, koma mphunzitsi wanzeru sangacitaye, pakuti cionetsa mwana poyera kuti mau osindikizidwa nawonso aphonya, makamaka olembedwa mothamanga anthu akali kulira. Zoipa zopambana zinali pa WhatsApp ndi Facebook, kumene ambiri amene sanapondeko ku nkhalangoko analankhula ngati mboni.

Mwana wa m'dziko la fodya sasowa pophunzirira. Adziwa kale kuti tsamba sililowa m'belo lisanatambasulidwe ndi kusankhidwa, labwino kwa lokha, lowola kwa lokha. Tsono apatsidwe nyuzi ziwiri za tsiku limodzi, azisankhe comweco: mau awa ananena ndani, anaona yekha kapena anangomva, nanga wolembayo wasiya ciani?

Akatswiri a ku Germany atafufuza anapeza kuti kacipangizo kosonyeza pamene ndege yagwera kanali ndi batire yotha nchito ciyambire 2004. Mfundo yotere, yokhala ndi mwini wace ndi caka cace, ilemera koposa mphekesera makumi. Bungwe lofufuza limene anakhazikitsa a Lazarus Chakwera linanena mu December 2024 kuti ngoziyo inadza cifukwa ca nyengo yoipa ndi kulakwitsa kwa anthu, ndipo ambiri sanakhutire nazo. Apa mpamene aphunzitsi ena aterereka: wina auza ana kuti za boma nzoona zonse, wina kuti nzabodza zonse, ndipo onse awiri alanda mwana nchito yace yosankha.

Zithunzi za mitembo zisalowe m'kalasi konse. Pa mabenci pamenepo pakhala ana amene anataya abale ao pa ngozi za mseu womwewo.