Dzina la Msilikali Lisemedwe, Lisapakidwe Penti

Zikwangwani zachikumbutso zimene tikukhoma masiku ano zimanditopetsa. Mwala wakuda wonyezimira, zilembo za penti yagolide, chithunzi chodinda ndi makina, kenako mizere isanu ya maudindo a bwana amene anabwera kudzakoka kansalu. Mwini mwala, womwalirayo, amangomupatsa kamzere kamodzi kumunsi. Anthu akaona kung'anima amati mmisiri wachita bwino. Ayi ndithu. Penti imasuluka, ndipo ikasuluka dzina limapita nayo.

Boma la Rumphi siliyenera kukopera zimenezi, chifukwa luso lokumbutsa ndi miyala linafika kale ku Khondowe. Kumeneko, ku Livingstonia, kuli mulu wa miyala pamalo pamene Dr Robert Laws ndi Uriah Chirwa anagona mu 1894 posankha malo a mishoni. Kulinso zilembo zoyalidwa pansi zotchula Aefeso 2:14. Mu 1959, boma la atsamunda litafunsa kudzera pa ndege ngati azungu a pamishoni akufuna kusamutsidwa, yankho linali limenelo: dzina la buku ndi manambala, basi, zazikulu zowerengeka kuchokera mumlengalenga. Anadziwa amene adzawerenge, anadziwa pamene adzakhale powerenga, ndipo sanawonjezere liwu. Zenera la magalasi amitundumitundu la David Livingstone m'tchalitchimo alendo amalijambula kwambiri, koma ine silindiphunzitsa kanthu pa nkhaniyi.

Nanga a nkhondo ya Chiwaya? Mu September 1914 mfuti zinalira ku Karonga, boma loyandikana ndi Rumphi kumpoto. Zaka zinayi zotsatira, dziko lino linapereka amtengatenga pafupifupi 200,000, kuphatikiza pa asilikali a King's African Rifles. Ambiri anafa ndi njala ndi matenda ali ndi katundu pamutu. Asilikali a KAR ali ndi chipilala chawo ku Zomba, manda a nkhondo aliko ku Karonga, koma wamtengatenga wa ku Henga, ku Hewe kapena ku Phoka dzina lake mukaliwerenga kuti? Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza lokha kuti anthu osachepera 116,000, ambiri mwa iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Nyumba za pamishoni zinasunga mayina a ku Scotland, Overtoun ndi David Gordon. Khoma la tchalitchi la ku Bolero, ku Mhuju kapena ku Mlowe lingasungenso a kwathu.

Koma likhale dzina losema ndi dzanja. Apa ndiye sindigonja. Mmisiri wa tchizulo ndi hamala amagoba chilembo chilichonse mopendeka mbali zonse ziwiri, mpaka mbalizo zikumane pansi pa ngalandeyo. Kuwala kukalowa pazenera, mbali imodzi imawala, inayo imagwira mthunzi, ndipo chilembo chimaoneka popanda dontho la penti. Mmawa chimaoneka mwina, madzulo mwina. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa amayamba wafunsa khoma limene mwala udzakhale ndi kumene zenera lili, asanalembe ndi pensulo pomwe. Amayeza mpata wa pakati pa zilembo ndi diso, osati ndi rula, poti A ndi W zikayandikana zimasiya phompho, pamene M ndi H zimapanikizana. Lembani MKANDAWIRE ndi makina osasamala muone mmene pakati pake pamang'ambikira! Ndipo tchizulo sichilola bodza lalitali. Munthu amene akugoba chilembo chimodzichimodzi sangavomere mawu ngati "ngwazi yosaiwalika ya fuko lathu lokondedwa". Adzakufunsani: kodi zonsezi n'zofunika?

Za mkuwa sindinena zambiri: umafuna wopukuta sabata ndi sabata, komanso umakopa akuba.

Zoyenera kulembedwa n'zochepa. Dzina la womwalirayo, chiwongo chake, mudzi, mfumu, chaka. Kwathu kuno munthu sadziwika ndi nambala ya usilikali. Akafika pamaliro amafunsidwa kuti ngwa kwa yani. Gondwe wa kwa Chikulamayembe ndi Gondwe wa kunyanja si munthu mmodzi. Mayina atsatane monga mwa zilembo, sajeni ndi wamtengatenga mumzere umodzi, kukula kwa zilembo kofanana. Maudindo akatsogola, tangobwezera pakhoma la Mulungu tsankho lomwe linawasiya panja poyamba paja. Chilankhulo chikhale Chitumbuka, chimene mpingo umapempherera. Zimandinyansa kuona agogo akudikira mdzukulu kuti awamasulire mwala wa bambo awo.

Ena adzati mayinawo anatayika. Ena anatayikadi. Koma mipingo ya Sinodi ya Livingstonia ndi yosunga mabuku, a ubatizo ndi a seshoni, ndipo mabanja amakumbukira amene anapita ku Tanganyika kapena ku Burma osabwerera. Ntchitoyi si ya makedzana okha. Mu November 2018 asilikali asanu ndi mmodzi a dziko lino anaphedwa kufupi ndi Beni ku DRC ali pa ntchito yosungitsa mtendere. Choncho mmisiri asadzaze mwala wonse ndi maluwa ndi nkhunda. Asiye malo osalemba kumunsi, ndipo mizere ayiyezeretu.