Maganizo a Owerenga pa Mabuku a Ndakatulo za m'Cinyanja: Katete, Sinda ndi Vubwi

1. Mau Oyamba

Akatswiri akamapenda ndakatulo za m'Cinyanja amayang'ana mlakatuli ndi buku lake, koma wowerenga samufunsa kawirikawiri. Nkhani ino ikusanthula madandaulo atatu amene ndakhala ndikuwamva kwa aphunzitsi ndi ophunzira ocokera m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi. Mfundo yanga ndi yakuti madandaulowa sakusonyeza kuti acinyamata amadana ndi ndakatulo ai. Akusonyeza kuti akufuna ndakatulo zokamba nkhani, zomwe wolankhula wake ndi mnzao. Mtundu wa colemba umene ungayankhe zofuna zaozi ndiwo nthano yaitali ya acinyamata yolembedwa m'ndakatulo.

2. Dandaulo loyamba: ndakatulo yapapepala ndi yozizira

Mabuku amene anayala maziko a ndakatulo zolembedwa m'cinenero cathu ndi Ntchito ya Pakamwa la E.J. Chadza ndi Ndakatulo la J.W. Gwengwe, onse a m'zaka za m'ma 1960, kenaka Akoma Akagonera, limene Enoch Mvula anasonkhanitsa nalitulutsa mu 1981. Owerenga amati ndakatulo za m'mabuku otere zimakoma mphunzitsi akamazilakatula, koma munthu akaziwerenga yekha camumtima zimazizira ngati nsima yogona.

Ciweruzo cimeneci ncomveka. Mwana wa ku Katete wakulira pafupi ndi Mkaika, kumene mwambo wa Kulamba umacitika mwezi wa August pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Wamva nyimbo za Gule Wamkulu, za cinamwali ndi za pamtondo asanagwire buku. Makolo ake anamvera Julius Chongo pa wailesi m'pulogalamu ya Poceza m'Madzulo. Kwa munthu wotere, luso la mau limayesedwa ndi khutu. Ngakhale mutu wa buku la Chadza ukuvomereza zomwezi: ndakatulo ndi nchito ya pakamwa.

Komabe vuto silili m'pepala lenilenilo. Lili m'kadulidwe ka mizere. M'Cinyanja, munthu akafika popumira, amatalikitsa phatikizo laciwiri kucokera kumapeto kwa liu lotsiriza. Tikati "cimanga capsa", ca wa "capsa" amamveka wamtali. Jonni Kanerva anafotokoza bwino kagawidwe kameneka ka ziganizo za Cicewa m'buku lake la mu 1990. Mzere umene wathera pomwe mlankhuli akanapumira umadziimba wokha ngakhale m'mutu mwa wowerenga. Koma mlakatuli akadula mzere pofuna kuti mau akumapeto afanane mamvekedwe, monga zimakhalira m'nyimbo za m'chalichi zomasuliridwa, amapha kayendedwe ka cinenero. Ndipotu kufananitsa mathero a mizere si luso lalikulu kwa ife, popeza mau athu onse amathera ndi lembo la liu ndipo aneni ambiri amathera ndi -a. Conco owerenga akamati ndakatulo yazizira, nthawi zambiri amakhala atamva mzere wodulidwa pamalo polakwika.

3. Dandaulo laciwiri: cinenero ca m'buku ncacilendo

Alembi onse atatu ndachula aja ndi a ku Malawi, kumene cinenero cinapatsidwa dzina la Cicewa mu 1968. Ku Zambia tinasunga dzina la Cinyanja, ndipo malamulo athu a kalembedwe anasindikizidwa mu 1977. Owerenga salandira mofanana cinenero ca m'mabukuwa. Wa ku Vubwi, boma lomwe linapatulidwa ku Chadiza mu 2012 ndipo lili m'malire ndi Malawi, sapeza cacilendo kwenikweni. Wa ku Sinda, kumene Acewa akhala moyandikana ndi Ansenga, amapunthwa pa mau ena, makamaka ngati kwao amalankhula Cinsenga.

Apa sindigwirizana kwathunthu ndi owerenga. Ndakatulo ndi nkhokwe ya mau, ndipo liu losazolowereka ndi phindu kwa wophunzira. Tikacotsa m'mabuku liu lililonse limene mwana salimva pamsika, cinenero cidzaonda. Koma owerenga akunena zoona pa cinthu cimodzi: samadzimva okha m'mabukumo. Mnyamata wogulitsa malonda m'mbali mwa Great East Road ali ndi kalankhulidwe kake, ndipo sakakumana nako m'ndakatulo zimene amaphunzira.

4. Dandaulo lacitatu: wolankhula ndi wamkulu nthawi zonse

Ili ndilo dandaulo lolemera koposa. Ophunzira amati m'ndakatulo zambiri za kusukulu wolankhula ndi nkhalamba yolangiza: usacite ulesi, usamwe mowa, usanyoze mwambo. Mwana amachulidwa ngati wolangizidwa, osati ngati mwini nkhani. Tonse tikudziwa kuti mau a akulu akoma akagonera, koma kugonerako kumatenga zaka, pamene wowerenga wa zaka 15 akufuna comwe cingamugwire mtima lero. Amafunanso kudziwa cotsatira. Buku la ndakatulo zosiyanasiyana limamuyambitsa ulendo watsopano pa tsamba lililonse, ndipo satenga nthawi kulisiya.

5. Nthano yaitali ya m'ndakatulo

Colemba ca mtundu umenewu ndi nkhani imodzi yokambidwa m'ndakatulo zazifupi zotsatizana, kawirikawiri ndi pakamwa pa wacinyamata mmodzi. Ku America, Out of the Dust la Karen Hesse, lotuluka mu 1997, limakamba za mtsikana Billie Jo m'nthawi ya cilala ndi fumbi ku Oklahoma m'zaka za m'ma 1930, ndipo linapata mphoto ya Newbery mu 1998. The Poet X la Elizabeth Acevedo, la mu 2018, limakamba za Xiomara, mtsikana wa ku Harlem amene akulimbana ndi amai ake pa nkhani ya cipembedzo, mpaka apeza liu lake polakatula pagulu. Mu Africa muno, Okot p'Bitek anaonetsa kale mu Song of Lawino, mu 1966, kuti munthu mmodzi angathe kunyamula buku lonse ndi dandaulo lake, ngakhale kuti bukulo silinalembedwere acinyamata.

Kwa ife njira imeneyi si yobwereka kotheratu. Nthano za pamoto zimasinthanitsa kukamba ndi kuimba, ndipo omvera amavomera. Tilinso ndi mvekero monga phi, zii ndi mbee, amene amajambula cinthu conse ndi liu limodzi, motero kuti mzere waufupi sukhala wopanda kanthu. Nkhani nazo zilipo. Cilala ca mu 1992 ndi ca mu 2024 cinakhudza mabanja ambiri m'cigawo ca Kum'mawa. Mnyamata woweta ng'ombe za eni anzake ali m'kalasi, kapena mtsikana wotuluka m'cinamwali amene makolo akumukambira za ukwati iye akufuna mayeso, ndi anthu amene wowerenga wa ku Katete angawazindikire msanga.

Cenjezo ndi limodzi. Nkosavuta kutenga nkhani wamba, kuidula m'mizere yaifupi, nkuicha ndakatulo. Wowerenga amene khutu lake linasulidwa ndi ng'oma sangapusitsidwe motero. Mzere uliwonse uyenera kuthera popumira penipeni, ndipo ndakatulo iliyonse iyenera kuima payokha uku ikukankhira nkhani kutsogolo.

6. Mau Otsiriza

Mabuku a Chadza, Gwengwe ndi Mvula ayenera kupitiriza kuwerengedwa, cifukwa ndiwo anatiphunzitsa kuika ndakatulo papepala. Koma alembi, osindikiza mabuku ndi okonza maphunziro a Cinyanja aganizirepo pa zimene owerenga akunena. Aphunzitsi angayambe ndi zocepa: wophunzira alembe ndakatulo zisanu zotsatizana za munthu mmodzi wa msinkhu wake, azilakatule m'kalasi, ndipo anzake anene pomwe mzere wawapunthwitsa.