Mganda wa maso ndi mganda wa makutu

Chilimwe chathachi, anthu atakolola ndipo fodya atapita kale ku okushoni, ndidakwera minibasi ya ku Mchinji n'kutsikira pa Namitete, kenaka kabaza mpaka pabwalo la sukulu ina kumene kudali mpikisano wa mganda. Dzina la mudziwo ndi la okonza mpikisano ndisunga, poti sindidabwere pano kudzanyoza munthu. Magulu adalipo angapo ndithu, koma ine ndikamba za awiri okha, chifukwa awiriwa ndiwo adatigawanitsa anthu pabwalopo mpaka ena kutsala pang'ono kugwirana m'makolala.

Loyamba lidali la anyamata ochokera cha ku Mpingu. Abale inu, kutchena kwake! Malaya oyera ositidwa ndi simbi ya makala mpaka mpeni kuoneka, matayi ofanana, masokosi ofika m'maondo, magalasi akuda, ndi makabudula oti ngakhale a kwa Kabudula eniake akadachita nawo nsanje. Adalowa m'bwalo ali mizere itatu, mizere ija n'kusanduka mtanda, mtanda n'kusanduka bwalo, kenaka onse pansi gwa! ndi bondo limodzi nthawi imodzi, ngati kuti wina wawakoka ndi chingwe. Amayi nthungululu, ana kukuwa, ofupa kuthamangira m'bwalo ndi ndalama. Inenso ndidawomba m'manja, ndisaname.

Koma nditatseka maso pang'ono ndidamva za chisoni. Mwa anyamata oposa makumi awiri amene adanyamula mabadza, amene ankaimbiramo mwina adali asanu. Enawo badza lidali pakamwa ngati ndudu yozima. Nyimbo yake idali ya mawu amodzi, yobwerezabwereza, ndipo pamene sitepe idafika potentha ngakhale asanu aja adaleka, kudangotsala ng'oma yaikulu yokha ikugunda ngati mtondo.

Lachiwiri lidali la azibambo a cha ku Nambuma, kumalire ndi Dowa, ena a iwo imvi zili mbuu. Yunifolomu yawo idali yotopa, masokosi a mitundumitundu, mzere wachiwiri wokhota ngati njira ya kudimba. Koma atangoika mabadza pakamwa, tsitsi lidandiyimirira. Tizikho tating'ono tidatenga mawu a pamwamba, apakati akuyankha, ndiye pansi pake pali mazikho akuluakulu atatu akung'ung'udza besi yoti umaimvera m'mimba. Nyimbo imodzi adaiyamba ndi pakamwa, n'kuisiyira mabadza, mabadza n'kuibweza kwa woyambitsa itasintha kale njira. Zimenezi si zophunzira sabata imodzi ayi. Chonsecho miyendo yawo inkangosuntha pang'onopang'ono, kutsogolo kawiri, kumbuyo kawiri, basi.

Oweruza adapereka mphotho kwa anyamata aja. Mkulu wina amene ndidakhala naye pafupi adapukusa mutu nati, "Mwana wanga, awa abwera ndi miyendo yokha, zifuwa asiya kunyumba." Ine ndidati, "Nanga agogo, enawa miyendo aisiya kuti?" Sadandiyankhe, adangofwenthera fodya wake.

Kuti timvetse mkanganowu tiyenera kuyamba ndi badza lenilenilo. Badza silili ngati lipenga la bandi ya polisi limene limalira ndi milomo. Ndi chikho chobooledwa, ndipo pa kabowo kena amamatapo kachikopa koyera kamene kangaude amabisamo mazira ake, ngakhale masiku ano ambiri angoikapo kapepala ka pulasitiki. Munthu amaimbiramo ndi mawu ake enieni, kachikopa kaja n'kumanjenjemera, mawu n'kutuluka okula ndi aukali. Ndiye kuti woliza badza ndi woimba. Mpweya umene akuimbira ndi womwewo umene miyendo ikufuna. Mukamuuza kuti adumphe, agwade, atembenuke, mwamulanda mpweya wa nyimbo. Mukamupatsa nyimbo ya mizere italiitali yofuna kumvetsera mnzake, mwamumanga miyendo. Chifuwa n'chimodzi, ndipo aliyense wopeka mganda amayenera kuchigawa. Anyamata a ku Mpingu adachipereka chonse kwa maso, madala a ku Nambuma chonse kwa makutu.

Tsono pali anzathu ena, makamaka ife ophunzira a m'tauni amene timakumbuka kumudzi pa Khirisimasi pokha, amene amati zokongoletsazi n'zachilendo, mganda weniweni ndi nyimbo. Pepani, mbiri ikukana. Guleyu adabadwa ali wodzionetsera. Terence Ranger, m'buku lake la 1975 lonena za beni, adalondola magule a mtunduwu kuchokera ku matauni a m'mphepete mwa nyanja ya mchere monga Lamu ndi Mombasa m'zaka za m'ma 1890, kumene magulu ankapikisana potsanzira perete ndi mabandi a asilikali. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, asilikali a King's African Rifles ndi amtengatenga adabwera nazo kuno. Kwa Ayao zidakhala beni, ku Nkhata Bay ndi ku Likoma malipenga, kuno kwathu pakati mganda. Kumpotoko gulu amalitcha boma, ndipo limakhala ndi kingi wake, kapitawo, ngakhale dokotala ndi nesi oyendera ovina. Ukhondo, mzere woongoka, kampango koyera m'manja, zonsezi zidalimo kuyambira pachiyambi. Munthu wovina mganda masokosi ali kugwa walakwira mwambo chimodzimodzi ndi amene waphonya nyimbo. Choncho madala a ku Nambuma sindingawakhululukire mzere wokhota uja poti ati ndi akuluakulu.

Komanso mbali inayi mbiri yomweyo ikuchitira umboni. Hugh Tracey atayenda m'dziko muno ndi makina ake ojambulira mawu mu 1950 ndi 1958, adajambula magulu a malipenga ndi mganda, ndipo zimene adajambulazo zikumvekabe mpaka lero. Mulibe chithunzi choyenda m'menemo, mulibe sitepe, mulibe tayi. Muli mawu okhaokha, koma munthu umamvetsera mpaka kumapeto. Ndikufunsa ine: anyamata athu aja titawajambula mawu okha, mdzukulu wathu adzamvamo chiyani kupatula ng'oma ndi wezulo?

Vutoli si lathu lokha. Ku America kuli mipikisano ya magulu a achinyamata oliza malipenga ndi ng'oma akuguba pabwalo la mpira, pansi pa bungwe la Drum Corps International limene lidayamba mu 1972. Nawonso akhala akukangana za zomwezi zaka zonsezi. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo adagawa malikisi poyera: 30 a nyimbo, 30 a zooneka ndi maso, ndi 40 a momwe ziwirizi zagwirirana n'kukhudza owonerera. Mu 1993, chaka chimene ife tinkaponya voti ya riferendamu, gulu la Star of Indiana lidabwera ndi nyimbo zovuta za Samuel Barber ndi Béla Bartók. Anthu ambiri m'bwalo sadazikonde, ndipo gululo lidagonja kwa Cadets ndi 0.1 yokha, koma lero chionetsero chimenecho chimatchulidwa pakati pa zimene zidasintha luso lonselo. Kuyambira 2004 adalola zokuzira mawu, ndipo mu 2016 gulu la Bluecoats lidapambana litavula yunifolomu zachisilikali ndi zisoti zomwe, likuthamanga ndi kutsetsereka pa zipangizo zoikidwa m'bwalo. Okalamba a kumeneko adadandaula ngati agogo anga a fodya aja. Sindikuti titengere Amereka, iwo ali ndi mavuto awo. Chimene ndasirira ndi 40 ija. Iwo adazindikira kuti funso lalikulu si lakuti nyimbo njovuta bwanji kapena sitepe njokongola bwanji, koma ngati sitepeyo ikutuluka m'nyimbomo.

Ndipo mganda wabwino umadziwa kale zimenezi popanda pepala. Amene mudaonako magulu akale a kwa Kabudula kapena ku Nsaru mukukumbuka kuti sitepe yolemetsa inkabwera pamene mabadza apuma ndipo ng'oma zatenga bwalo. Mabadza akamalowa, miyendo inkafewa, thupi n'kuwerama pang'ono, kampango n'kumayankhula m'malo mwa phazi. Ovina besi, amene zikho zawo zimadya mpweya wambiri, ankaikidwa kumbuyo kumene sitepe njochepa, anyamata opepuka miyendo kutsogolo. Woimba ng'oma yaikulu ndiye adali mwini chifuwa cha gulu lonse: amadziwa nthawi yowathamangitsa ndi nthawi yowapatsa mpweya. Kupeka mganda kudali kumeneko. Pa mpikisano uja palibe gulu limene lidaonetsa nzeru imeneyi, ndipo n'chifukwa chake ndidabwerako wosakhuta ngakhale nsima adatipatsa.

Chidatifikitsa pano n'chiyani? Mwa zina ndi bwalo limene guleyu wakhala akuvinidwira. Nthawi ya Kamuzu magule ankatengedwa kupita ku masitediyamu, kumene munthu wokhala pamwamba sangamve kachikho kakang'ono koma mzere amauona bwinobwino. Chiyambire 1994 misonkhano ya zipani yapitiriza zomwezo: gulu limapatsidwa mphindi zochepa bwana asanayankhule, zimkuzamawu zili phokoso, ndiye ofuna kufupidwa amadziwa kuti chogwira maso msanga ndicho chimatulutsa ndalama m'thumba. Lero kwabweranso foni. Kanema wa mganda akamayenda pa WhatsApp kapena pa Facebook, kasipika ka foni besi ya chikho chachikulu sikaitulutsa n'komwe. Mnyamata aphunziriranji mawu amene palibe adzawamve?

Apa ndiye pali nkhawa yanga yeniyeni. Sitepe yatsopano anyamata atha kuipeka mawa, ndipo apeke ndithu, ndimawanyadira. Koma kugawa nyimbo m'mawu anayi, kudziwa chikho choyenera besi chikadali kumunda, kumata kachikopa kuti kalire osang'ambika, zimenezi zili m'mitu ya anthu ochepa, ndipo mwa atatu a besi a ku Nambuma aja panalibe ndi mmodzi yemwe wa zaka zosakwana makumi asanu.

Kwa okonza mipikisano ndili ndi pempho laling'ono losafuna thandizo la mabungwe akunja. Oweruza akhale atatu. Mmodzi akhale chofulatira bwalo, asaone kanthu, alembe zimene wamva. Wachiwiri aone mizere, masokosi ndi mapazi. Wachitatu akhale munthu amene adavinapo mganda mpaka kutha mpweya, ayang'ane ngati badza lili pakamwa likuliradi pamene phazi likumenya pansi. Pa tsiku lija wachitatuyu akadakhalapo, ndikhulupirira mbuzi ya mphotho ija ikadabwerera kukhola.