Kupatsa n'Kuika

Makolo athu anati kupatsa n'kuika. Ponena mawu amenewa ankalimbikitsa chifundo, kuti mbale ya ufa imene wapatsa mnzako m'nyengo ya njala idzabwerera kwa iwe tsiku lina. Koma mwambi womwewu uli ndi mbali ina imene ife a ku Machinga ndi Balaka tiyenera kuilingalira mofatsa. Ngati wopatsa aliyense amakhala akuika, nanga eni makampani amene amathira ndalama m'zipani za ndale amaika chiyani, ndipo tsiku lokatapa adzatapa m'nkhokwe ya yani?

Funso limeneli si lachilendo kwa alimi a thonje a kuno. M'zaka za m'ma 1970 mlimi wa ku Ulongwe kapena ku Phalula analibe kwina kogulitsa thonje lake koma ku ADMARC, pa mtengo umene boma lakonza. Phindu limene bungweli linkapeza pogulitsa mbewu za alimi ang'onoang'ono kunja silinkabwerera lonse kumudzi. Gawo lalikulu linkathandiza maesiteti ndi kampani ya Press Holdings, imene mwini wake anali Dr. Kamuzu Banda. Wolamula dziko, mtsogoleri wa chipani ndi mwini kampani anali munthu mmodzi, motero mlimi analibe khomo loti akagogode ndi dandaulo lake.

Tinkayesa kuti matenda amenewa atha ndi ulamuliro wa chipani chimodzi. Kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992, imene inadzudzula kusiyana kwa olemera ndi osauka pamodzi ndi kutsekedwa pakamwa kwa anthu, inasindikizidwa kuno ku Balaka, ndipo nyumba yosindikizirayo inatenthedwa chifukwa cha kalatayo. Pa 14 Juni 1993 tinasankha zipani zambiri, ndipo mu 1994 mwana wa kwathu kuno, Bakili Muluzi wa ku Kapoloma, anakhala mtsogoleri wa dziko. Tinavina, ndipo kunali koyenera kuvina. Koma m'chisangalalo chimenecho tinaiwala kufunsa funso limodzi: kodi chipani chidzadya chiyani? Popeza tinali titatopa ndi makhadi okakamiza, tinaleka kusonkhera zipani, ndipo zipanizo zinayamba kukhalira matumba a atsogoleri ake ndi a anzawo a malonda. M'malo moti anthu azipereka kuchipani, chipani chinayamba kupereka kwa anthu. Mwambo wogawa ndalama pamisonkhano unazika mizu m'zaka zimenezo, ndipo zipani zina zimene zinabwera pambuyo pake zinautengera.

Tsono zitenje, malaya, galimoto, mafuta ndi zimkuzamawu za kampeni sizigwa ngati mvula. Pali wina amene amalipira, ndipo kawirikawiri ndi munthu amene akufuna kontirakiti ya boma, chiphaso cha malonda kapena kuchepetseredwa msonkho. Mu 2018 zinaululika kuti kampani ya Pioneer Investments, imene inapatsidwa ntchito yopereka chakudya cha apolisi, inaika K145 miliyoni m'akaunti ya chipani cholamula cha DPP. Chipanicho chinati inali mphatso chabe, ndipo anthu atakwiya chinabweza ndalamazo. Mu 2022, pansi pa boma lina, lipoti la bungwe la ACB lonena za wamalonda Zuneth Sattar, amene ankaganiziridwa kuti ankapereka ziphuphu kuti apeze makontirakiti a boma, linachititsa Pulezidenti Lazarus Chakwera kuchotsa mkulu wa apolisi pa udindo; Sattar anakana kuti sanalakwe. Sitikuweruza munthu pano, pakuti imeneyo ndi ntchito ya makhoti. Tikungoona kuti mitundu ya zitenje imasintha, koma khomo lakuseri lolowera eni chuma limakhala lomwelo. Ndipo katundu akagulidwa pa mtengo wokwera kuti mphatso ija ibwezedwe, wolipira ndi mayi amene wapeza kuchipatala kulibe mankhwala.

Lamulo lilipo. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna mavoti, ndipo limalamula chipani kuulula mphatso iliyonse yoyambira K1 miliyoni yochokera kwa munthu, kapena K2 miliyoni yochokera ku kampani. Komabe mkulu wokhazikika woyang'anira zipani anasankhidwa mu 2024, patapita zaka zisanu ndi chimodzi. Kuchedwa kotereku kukutiphunzitsa kanthu: amene amapindula ndi mdima safulumira kuyatsa nyali.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri ife a kuno chifukwa cha phiri la Kangankunde. M'phiri limeneli muli miyala yosowa imene dziko lapansi likuilimbirana popanga maginito a galimoto zoyendera magetsi, ndipo mu 2022 kampani ya Lindian Resources ya ku Australia inagwirizana zogula mgodiwu pa mtengo wa madola 30 miliyoni. Sitikuinenera cholakwa chilichonse kampaniyi. Ntchito tikuzifuna, ndipo achinyamata athu atopa ndi ulendo wa ku Joni. Koma pamene pabwera chuma chotere pamabukanso nkhani za chipepeso cha minda, za madzi, za msonkho ndi za gawo lotsalira anthu ozungulira. Nkhani zimenezi zimafuna phungu, khansala ndi mfumu amene alibe ngongole ndi munthu aliyense. Mtsogoleri amene kampeni yake inalipiridwa ndi wina ali ngati mkamwini wopanda munda wake, wodyera m'nkhokwe ya apongozi: pabwalo amangogwedeza mutu.

Ena adzati fodya ndi uyu ali pamphuno; wandale akapita sadzabweranso, bola tidyeretu. Mawu amenewa tikuwamvetsa. Pambuyo pa namondwe Freddy mu 2023 ndi chilala cha 2024, ndani angaloze chala mayi amene walandira kandalama kogulira mchere? Mlandu waukulu uli kwa opatsawo, ndiponso kwa ife amene tikudziwa kuwerenga: aphunzitsi, mafumu, ansembe, abusa ndi mashehe. Kangati ifenso taitana munthu wolemera wofuna mpando kuti akhale mlendo wolemekezeka pa chopereka chomangira nyumba yopempherera, n'kumuombera m'manja osafunsa kumene envelopu yachokera?

Tiyambe ndi funso laling'ono limene aliyense angathe kufunsa mwaulemu pamsonkhano: "Bwana, ndalamazi wakupatsani ndani, ndipo mwamulonjeza chiyani?" Tilimbikirenso kuti maina a opereka ndalama kuzipani azilengezedwa poyera, pawailesi ndi m'chinenero chimene anthu akumva. Msodzi wa ku Chilwa sakola nyambo pambedza chifukwa chomvera mlamba chisoni. Tisanameze, tiyang'ane kumene chingwe chikuchokera.