Filimu Yoonetsa Mtengo wa Cuma ca ku China

Ambiri a ife tikamva za China timaganiza za mafoni, nyumba zosanja ndi zovala zodzaza m'masitolo a ku Kamwala. Koma kodi osoka zovalazo amagona kuti, ndipo ana ao amaleredwa ndi yani? Funso limeneli ndilo mtima wa filimu ya zocitika zenizeni yochedwa Last Train Home, imene Lixin Fan anatulutsa mu 2009 ndipo inapambana mphoto yaikulu ku Amsterdam caka comweco.

Fan anatsatira banja limodzi la m'cigawo ca Sichuan kwa zaka pafupifupi zitatu. Atate ndi amai anacoka kumudzi mwana wao woyamba, mtsikana, akali khanda, napita kukasoka zovala m'fakitale ya ku Guangzhou. Mtsikanayo ndi mlongo wake anakula ndi ambuya ao. Makolo amabwera kamodzi cabe pacaka, pa cikondwerero ca Caka Catsopano ca kumeneko, pamene anchito 130 miliyoni amalimbirana malo m'sitima ndi m'mabasi.

Ubwino wa filimuyi uli pa kudekha kwake. Mulibe munthu wofotokoza nkhani kapena wotiuza amene walakwa. Timadzionera tokha. Makolo akafika, mau ao oyamba ndi ofunsa za mamakisi a kusukulu, pakuti ndico cimene akhala akuvutikira. Mtsikana, amene tsopano ndi namwali, amawayang'ana ngati alendo. Iye amakalirira pamanda pa ambuye ake aamuna amene anamlera. Posakhalitsa asiya sukulu napita kukagwira nchito ya m'fakitale, yomwe makolo ake anafuna kumpulumutsako.

Cigawo ca mu 2008, pamene cipale cofewa cinaimitsa sitima ndipo khamu la anthu linapanikizana masiku angapo pa sitesheni ya Guangzhou, n'covuta kuciiwala. Koma copweteka koposa ndi ndeu ya atate ndi mwana wao atafika kumudzi. Akulu amati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo, ndipo woonera angafulumire kudzudzula mtsikanayu kuti ndi wamwano. Filimu sitilola kutero msanga. Imatikumbutsa kuti ulemu umakula pamene anthu akudyera mbale imodzi, ndipo ndalama zotumiza sizilera mwana.

Komabe pali pamene Fan wapereweza. Safotokoza mokwanira cifukwa cimene makolowo sanatengere ana ao kutauni. Cifukwa cake ndi lamulo la kalembera lochedwa hukou, la mu 1958, limene linamangirira munthu kumalo kumene banja lake linalembedwa. Mwana wa kumudzi sanali kupeza malo mosavuta m'sukulu za boma za mumzinda. Lipoti la bungwe la amai a ku China la mu 2013 linati ana osiyidwa kumidzi motere anali 61 miliyoni. Wosadziwa zimenezi angayese kuti ndi vuto la banja limodzi losamvana.

Caciwiri, amene apindula ndi thukuta limeneli saoneka bwino. Mu 1978 anthu a m'matauni a ku China anali osakwana 20 pa 100 alionse. Mu 2011 anapitirira theka. Pa kalembera wa mu 2020 anafika pafupifupi 64. Mu 2009 momwemo, China anaposa America pa kugula magalimoto atsopano. Mabanja opeza bwinowa, a nyumba zao ndi ana a ku yunivesite, ndiwo loto limene makolo aja akulithamangira. Tikanawaona pambali pa makina osokera, tikanayeza bwino ngati malondawo ali acilungamo.

Ngakhale zili tero, filimuyi ndi yofunika kuionera, makamaka pamodzi ndi makolo anu. Ife a m'Zambia nkhaniyi si yacilendo: migodi ya ku Copperbelt inasiya midzi yambiri ili ndi nkhalamba ndi ana okhaokha. Mudzi sufa tsiku limene nyumba zagwa. Umayamba kufa pamene mwana ndi kholo lake akhala pamphasa imodzi koma asowa cokambirana. Mukatha kuonera, funsanani: kodi n'ciani cimene banja lingagulitse kuti litukuke, ndipo n'ciani cimene siliyenera kugulitsa?