Buku la Scott la Chimang'anja ndi Mphunzitsi wa ku Chigwa

M'chaka cha 1892 ku Edinburgh kunasindikizidwa buku lalikulu lomasulira mawu a Chimang'anja, lolembedwa ndi Mbusa David Clement Scott, amene anatsogolera Mishoni ya Blantyre kuyambira 1881 kufikira 1898. Dzina lake ndi A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language. Pambuyo pake Alexander Hetherwick analikonzanso nalikulitsa, ndipo linatuluka mu 1929 ndi dzina lina, lakuti Dictionary of the Nyanja Language. Ambiri amayesa kuti buku lotere ndi la ofufuza zakale okha. Koma ife tilipime ndi muyeso wina: kodi lingamthandize chiyani mphunzitsi wachinyamata amene watumizidwa ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kumene ayenera kupeza malo m'mitima ya ana ndi ya makolo awo?

Ubwino wake woyamba ndi wakuti Scott sanaunjike mawu monga chimanga m'nkhokwe. Mawu ambiri anawaika m'ziganizo monga anawamvera m'kamwa mwa eni ake, nafotokozanso miyambo imene mawuwo amayendamo. Chitsanzo ndi liwu lakuti mlandu. Kwa Scott mlandu sunali cholakwa chokha ayi, koma bwalo lomwe, pamene anthu akhala pansi nalankhula mosinthana kufikira nkhani itapsa. Apa pali phunziro lalikulu. Kholo likafika pasukulu litakwiya chifukwa mwana wake wabwezedwa, mphunzitsi wanzeru saliyankha ali chiimire pakhomo. Alipatsa mpando, achita nalo malonje, nalilola kuti limalize mawu ake onse. Kawirikawiri mkwiyo umathera m'malonje momwemo, pakuti munthu amene wamvedwa savuta kumva.

Komabe bukuli lili ndi zoperewera ziwiri zimene sitiyenera kuzibisa. Choyamba, linalembedwa m'Chingerezi kuti lithandize Azungu. Mmang'anja m'bukumo ndi wofotokozedwa, osati wowerenga. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu kwa inu, chigwa cha Shire si cha Amang'anja okha. Asena ambiri analowa m'chigwachi kuchokera ku Zambezi, m'dziko la Mozambique, ndipo ku Nsanje Chisena chimamveka pamsika, padooko ndi pabwalo la sukulu. Pa Chisena buku la Chimang'anja silingakutsogolereni.

Taonani m'mene liwu limodzi lingagwetsere munthu. Msena akalandira kanthu amati "takhuta," kutanthauza kuti zikomo. Mphunzitsi wochokera ku Dowa akamva mwana akutero atampatsa choko, angaseke, poganiza za mimba yodzala nsima. Pa Chisena kulonga ndiko kulankhula, pamene ife timalonga katundu m'dengu. Pamene ife tinena zinthu, iwo amati pinthu. Tsono mphunzitsi akaseka, kalasi lonse liseka naye, ndipo mwanayo aphunzira chinthu chimodzi chokha tsiku limenelo: kuti chilankhulo cha amayi ake n'chochititsa manyazi. Mawa sadzakwezanso dzanja, ndipo madzulo nkhaniyo idzakhala itafika kale kwa makolo.

Chiyeso chimenechi chinakula kuyambira 1968, pamene Chinyanja chinatchedwa Chichewa nichikhala chilankhulo cha dziko lonse. Kuyambira pamenepo kalankhulidwe ka m'chigawo chapakati ndiko kanakhala muyeso wa m'mabuku a sukulu, ndipo n'kosavuta kuti mphunzitsi aziona mawu a kuchigwa ngati zolakwa zoyenera inki yofiira. Tisiyanitse zinthu ziwiri. Kuphunzitsa mwana kalembedwe ka m'buku ndi ntchito yathu, ndipo tiyenera kuigwira mosanyengerera. Koma kunyoza liwu la kwawo si ntchito yathu konse. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kunena kuti "Walakwa," ndi kunena kuti "Kwanu mumatero, ndamva, m'buku timalemba chonchi." Mawu oyambawo atseka pakamwa pa mwana, achiwiriwo ampatsa zilankhulo ziwiri.

Chimodzimodzinso ndi zinthu zimene anthu a kuchigwa amazilemekeza. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kuli kachisi wa Mbona, ndipo ku Chikwawa kuli ufumu wa Lundu. Mlendo amene atchula zimenezi ndi mawu opeputsa wadzitsekera yekha makomo a m'mudzi. Wansembe Matthew Schoffeleers anakhala zaka zambiri akufunsa ndi kumvetsera za Mbona, ndipo zimene anapeza anazilemba m'buku la River of Blood mu 1992. Sakanauzidwa zambiri chotero akanafika ndi chipongwe pakamwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga tiliweruze bwanji buku la Scott? Mawu ena a m'menemo anakalamba, kalembedwe kake si ka lero, ndipo silifika kumene Chisena chiyambira. Koma njira yake sinakalambe: kumvetsera liwu pamodzi ndi munthu amene walinena, amene wauzidwa, ndi nthawi imene lanenedwa. Chifukwa chake, inu amene mudzapita kuchigwa, dzigulireni kabuku kakang'ono. Liwu lililonse lachilendo mulilembe pamodzi ndi chiganizo chake, ndipo muzifunsa ana kuti, "Kodi ichi kwanu mumati chiyani?" Mwana amene waphunzitsa mphunzitsi wake liwu limodzi sachitanso mantha kuphunzira mawu khumi kwa iye. Ndipo tsiku limene mayi wa ku Nsanje adzakubweretserani nsomba kapena mbatata, inu n'kuwomba m'manja ndi kunena kuti "takhuta," mudzaona nokha chimene liwu limodzi losankhidwa bwino lingachite.